Mpando wa Apongozi

Apongozi ake a Wabesi sankakhulupirira kuti kuimba gitala ya besi ndi ntchito. Anamvetserapo nyimbo za bandi yake pafoni ya mwana wawo. Woimba anamumva, ng'oma anazimva, koma mkamwini sanamumve ngakhale pang'ono. Ndiye anagamula kuti Lamlungu masana apita kukadzimvera okha, ndipo akapanda kumumva, Lolemba munthuyo akayambe kumasula matayala kugalaja kwawo. Wabesi mtima unali m'mwamba, chifukwa gitalayo ankaikonda kwabasi.

Holo yomwe ankaimbiramo poyamba inali yosungiramo simenti, denga la malata, makoma osapaka pulasitala. Ukatsokomola pakhomo, chifuwa chako chinkakuyankha kuchokera kukhoma la kutsogolo. Odziwa malowo ankaimirira pakati, pafupi ndi wosakaniza mawu, pomwe nyimbo inkamvekako bwino. Koma apongozi ungawaimike pakati pa chigulu ngati kamnyamata? Wabesi anabwereka mpando wa khushoni wa mwini holo n'kuuika kutsogolo kwenikweni, malo a ulemu. Sanaganize n'komwe za chisipika cha besi, chachitali ngati firiji, chomwe chinali pambali pake.

Nyimbo itangoyamba, botolo la madzi lomwe apongozi anaika pansi linayamba kuyenda lokha. Magalasi ankatsetsereka pamphuno, iwo n'kumawabweza, kenako anangowasiya n'kugwira mpando ndi manja awiri. Wabesi, thukuta lili kamukamu, analozera wosakaniza mawu chisipikacho kuti achepetse. Tsoka ilo, pantchito imeneyi woimba akaloza sipika ndiye kuti akufuna zambiri. Chilengedwere dziko palibe woimba anapemphapo kuti amuchepetsere. Mkuluyo anagwedeza mutu mwaulemu n'kuwonjezera.

Zitatha, anthu ankatuluka akudandaula kuti mawu amangogundana m'malata. Mkazi wa Wabesi anamupeza akukulunga mawaya.

"Bambo a mwana, mwandiphera bambo anga," anatero. "Akukuitanani panja."

Wabesi anapita manyazi atamugwira. Apongozi anali chilili pamthunzi, chala chili m'khutu.

"Mkamwini!" anakuwa ngati ali kutsidya kwa msewu. "Anzanu aja amabwera kudzatani? Uja wamaikolofoni amangotsegula pakamwa ngati nsomba. Wang'oma naye kumangoopseza ndi timitengo, osamveka. Ntchito yonse mumagwira nokha!"

"Bambo, vuto ndi pomwe munakhala paja..."

"Mwati chiyani?"

Wabesi anayang'ana mkazi wake, yemwe anali atabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka ndi phwete.

"Ndati zikomo, bambo."

"Kugalaja musabwere," anakuwanso apongozi, akufunafuna makiyi a galimoto m'thumba. "Mukawasiya anthu awa, ana awo adya chiyani?"