Misozi Siigwa Kuthambo

A Bonifasio anali atamanga kale kanema pa kaliyala ya njinga pamene Doreen anatulukira kuseri kwa nyumba, tsache lili m'manja. Linali tsiku la kusesa, dothi la pamanda a bambo ake, a Rafaeli, lisanaume n'komwe.

"Bambo aakulu, kanemayo akupita kuti?"

"Kwathu ku Kadewere," anayankha a Bonifasio akumangitsa chingwe. "Mng'ono wanga anali mkamwini kuno ku Mbombwe. Munda ngwanu, nyumba njanu. Koma katundu wa mwamuna amabwerera kwao."

Doreen mtima unamuwawa. Kanemayo ndiye anali khasu la bambo ake. M'chisakasa cha malata pambali pa msewu ankaonetsamo mpira ndi mafilimu oseketsa, ndipo banja lonse linkadyera momwemo. Mayi ake, a Kristina, anangokhala pamkeka, mutu uli pansi. Kanema akachoka, chisakasacho chisanduka khola la mbuzi.

Komatu pakamwa Doreen anatengera bambo ake. Anakaima pakhomo la chisakasa n'kupingasa tsache.

"Tengani. Koma lamulo la abambo mukulidziwa: pakhomo pano sipadutsa munthu osayankha funso. Mukalondola, kanema ngwanu. Mukalephera, atsala."

"Funso! Funso!" anafuula Mathero, wakabaza amene sankaphonya filimu. Anthu anataya matsache n'kuthamangira kuchisakasa. Ndani sankalidziwa lamulolo? A Rafaeli ankaima pakhomopo n'kufunsa zodabwitsa za m'dziko, ndipo wolondola ankakhala pabenchi yakutsogolo.

"Ine anandigwira ndi la gofu!" anatero Mathero. "Ati munthu anamenyapo kampira ka gofu pamwezi. Pamwezi, abale!"

"Nanga la oimba magitala amagetsi aja?" analowerera a Tikhala, ogulitsa zitumbuwa. "Ati ena akamaliza kuimba amaswa gitala dala, anthu n'kumaomba m'manja. Ndinati a Rafaeli, bodza lili ndi malire!"

"Mafilimu oseketsa akale analibe mawu, wina ankangoliza piyano pambali!" anakuwa wina pagulupo.

Chiphokoso chinabuka, aliyense akukumba lake. Anthu ankaseka akupukuta m'maso, ndipo ngakhale a Kristina anadzutsa mutu. A Bonifasio, munthu wosafuna kuchepa pagulu, anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

"Funsa, mwana iwe."

Doreen anasankha funso limene sanamvepo bambo ake akulifunsa pakhomo, limene anamuuza ali awiri akupalira nandolo.

"Munthu akalira ali kuthambo, m'chombo chozungulira dziko, misozi yake imagwera kuti?"

"Imakwera kudenga!" anakuwa a Tikhala.

"Imauma ngati mchere!"

"Chete inu, funso si lanu!" anawaletsa Mathero, yekha akudumphadumpha.

A Bonifasio anayang'ana pansi nthawi yaitali, mpaka Doreen anayamba kumva kukoma kwa chipambano.

"Siigwa," anatero pomaliza. "Kulibe choikokera pansi. Imangounjikana m'maso."

Tsache linagwa m'manja mwa Doreen. Anali atataya chuma cha mayi ake ndi pakamwa pake.

"Mwalondola," ananong'ona. "Koma mwadziwa bwanji?"

"Pa maliro a mayi athu ine misozi inakana kutuluka," anatero a Bonifasio. "Anthu anayamba kundiloza, ati mwana wouma mtima, kapena akudziwapo kanthu. Rafaeli anabwera kudzakhala pambali panga n'kundinong'oneza kuti, ‘Achimwene, asiyeni alankhule. Inu muli ngati aja akuthambo. Misozi ilipo, kungoti siigwa.’ Ndinaseka pamaliro a mayi anga, kenaka ndinalira mpaka mawu anatha."

A Bonifasio anapita pomwe panali njinga, namasula chingwe mfundo imodziimodzi. Anamunyamula kanemayo pachifuwa ngati khanda, nadutsa pakhomo, n'kumukhazika pashelefu pake, pomwe fumbi linali litajambula malo ake.

Kenaka anapukuta benchi yakutsogolo ndi chipewa, nakhala pansi.

"Ndalondola, si choncho? Ndiye malo anga ndi ano. Yatsa, Doreen."

Doreen anawayang'ana asanadine batani. M'maso mwao munali mutadzaza, koma palibe dontho limene linagwa.