Kaseti ya m'Chigafa

A Evelyn ankanena okha, osabisa, kuti anakwatiwa ndi a Davison chifukwa cha nyimbo. Pa unyamata wawo a Davison ankaimba ndi anzawo m'gulu lotchedwa Anyamata a Chigafa. Anajambula chimbale chimodzi chokha ku Lilongwe, koma chinavuta kuyambira ku Santhe mpaka ku Kaluluma. M'chimbalemo munali nyimbo yachikondi yomwe kolasi yake inkati, "Evelina, mvula yagwa, tiye tikaoke fodya." Gululo linatha kalekale, a Davison n'kukhala mlimi ngati wina aliyense, koma nyimboyo ikalira pa ukwati amayi ankawakokera a Evelyn pakati pa bwalo kuti avine mwini wake. Iwo ankakana pang'ono, kenako n'kumanga chitenje bwinobwino.

Chaka chino Sankhani, mwana wa achimwene awo a a Davison amene amagwira ntchito mu situdiyo ku Lilongwe, anabwera kumudzi n'kupempha katoni ya makaseti akale. A Davison anangomupatsa osamvetsera n'imodzi yomwe. Sankhani anakazitsuka nyimbozo pa kompyuta n'kutulutsanso chimbale chija, ndipo anawonjezeramo zoyeserera zimene anyamatawo ankadzijambula pa wailesi ya kaseti m'chigafa cha fodya asanapite ku situdiyo.

Tsiku la msika a Evelyn anapita ku Santhe kukagula sopo ndi ulusi wosokera fodya m'sitolo ya a Twaha. Anapeza pakhonde padzaza amuna, sipika ili pa mpando, mkangano uli mkati.

"Nyimbozi zaphedwa," ankatero a Frazer, mlimi amene anavina gululi likadali lamoyo. "Kale besi imamveka ngati ikutuluka pansi pa nthaka. Pano zonse zangoti mbee, zopanda mchere."

"Inu chomwe mumakonda ndi phokoso la kaseti, osati nyimbo," anayankha a Twaha. "Zaka zonsezi timangoganizira mawu. Tsopano liwu lililonse likumveka." Atawaona a Evelyn anasekerera. "Eya, mwini wake wafika! Khalani apa mayi a Lonjezo, mutiweruze. Mwalowa zina zatsopano zoti ngakhale ine sindinazimve, zandipeza m'mawa uno. Akuti nyimbo yanu ija ilimo momwe anayambira kuipeka."

Anawapatsa mpando. A Twaha anadina foni, ndipo munamveka gitala imodzi yokha, pang'onopang'ono, nkhuku ikulira chapatali. Kenako mawu a a Davison ali mnyamata, ofewa kuposa a m'chimbale. A Evelyn anayamba kugwedeza mutu. Itafika kolasi, mawuwo anati, "Angelina, mvula yagwa, tiye tikaoke fodya."

A Evelyn anasiya kugwedeza mutu.

"Ndi kompyuta imeneyo," anatero a Frazer mofulumira. "Ndimanena ine, imapotoza zinthu."

Koma kolasi inabweranso, dzinalo lili lomwelo, lomveka ngati munthu akulankhulira m'khutu. Nyimbo itatha munamveka mtsikana akuseka, n'kunena kuti, "Uimbenso, Devi." Kasekedwe kameneko a Evelyn ankakadziwa. A Angelina, mayi wamasiye, anali ndi tiyirumu kutsidya kwa msewu womwewo, ndipo ankaseka choncho mpaka lero. A Evelyn anaimirira, kutenga ulusi wawo, sopo n'kumuiwala pa kauntala.

Kunyumba anawapeza a Davison m'chigafa akusankha fodya.

"Bambo a Lonjezo, nyimbo ija munapekera ndani?"

"Iti?"

"Muli nazo zingati zoitana munthu kukaoka fodya?"

A Davison anaika tsamba pansi. Anayang'ana akazi awo, ndipo anazindikira chomwe chinali m'katoni muja.

"Zimenezo n'zakale, mayi a Lonjezo. Ndinali ndisanakudziweni."

"Ndiye dzina langa linangokwanapo ngati chigamba?"

"Anandikana uja. Makolo ake ankafuna mwamuna wa pa ntchito. Nditakumana ndi inu ndinaona kuti nyimbo ndi yabwino, sindingaitaye."

Akanangokhala chete zikanakhalako bwino. A Evelyn anaseka, koma si kuseka kwenikweni.

"Ndakhala ndikuvina pa maukwati onse a dera lino, anthu akundiombera m'manja, chonsecho munandiveka za pa kaunjika. Mwini wake ali pomwepo akundionerera."

A Davison anamuimbira Sankhani tsiku lomwelo kuti aichotse nyimboyo. Sankhani anapepesa, nati iye ankaganiza kuti azakhali ake akudziwa, koma kuichotsa kunali kosatheka. Inali italowa kale m'mafoni, ndipo obena nyimbo a ku Chamama anali akuiika kale m'mamemori a anthu.

Kuyambira pamenepo a Evelyn anayamba kuchita chinthu chimene sanauze munthu. A Davison akapita kudimba, iwo ankatenga foni n'kumvera nyimbo ziwirizo motsatizana, ya Angelina kenako ya Evelina, kenako ya Angelina. Ankafuna kumva kuti mtima unali kuti. Ya m'chimbale inali ndi ng'oma, besi ndi anthu oyankhira, yovinika. Koma mu ya m'chigafa mawu a mnyamatayo ankanjenjemera akafika pa dzina, ndipo ankalikoka ngati sakufuna kulisiya. Pa dzina lawo a Evelyn sanamvepo kunjenjemera kulikonse, ngakhale anakweza foni mpaka kumapeto.

Msika wotsatira analowa m'tiyirumu muja. A Angelina anali akupukuta makapu, ndipo atawaona anasiya.

"Takulandirani, mayi a Lonjezo. Tiyi?"

"Sindinabwerere tiyi. Zaka zonsezi mumadziwa?"

"Ndimadziwa."

"Osandiuza? Mumandiseka mumtima?"

A Angelina anakhala pa benchi. "Ndikusekeni chiyani ine? Ndakhala ndikuimirira kumbuyo kwa bwalo nyimbo yanga ikulira ndi dzina lanu, inu mukuvina, mwamuna ali wanu, ana ali anu. Ndinabwerako kwanu kudzafunsa? Amene anandisankhira makolo uja anali womwa, mpaka unamutenga mowa womwewo. Pano anthu angomva dzina langa kamodzi, mwafika kale pakhomo panga."

A Evelyn anali atakonzekera kukangana ndi munthu wonyada, osati izi. Atatembenuka kuti azipita, a Angelina anawonjezera, maso ali pa makapu, "Koma pajatu Devi ankaimba bwino nthawi imeneyo. Mawu anali asanaume."

Mawu amenewo anawawawa a Evelyn njira yonse.

Fodya atagulitsidwa kunali ukwati wa mwana wa a Frazer. Masana, anthu atadya, woimbitsa nyimbo, yemwe anali mlendo wochokera ku boma, anaika nyimbo ija, ya m'chigafa, nati ndi imene anthu akuikonda masiku ano. A Frazer anathamanga kukamuletsa, koma kolasi inali itadutsa kale. Amayi ena anayang'ana kwa a Evelyn, ena kwa a Angelina amene anakhala phee pa mkeka, osadzuka. A Evelyn ananyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba kumene atsikana ankatsuka mbale, n'kukhala pansi kuyamba kutsuka nawo atavala chitenje chawo chatsopano.

Posakhalitsa a Davison anawatsatira. Anaima pamenepo pakati pa mabeseni, mwamuna yekhayekha, atsikana akuzembera kuseka.

"Mayi a Lonjezo, tiyeni tizipita."

"Pitani mukaimbenso. Anakupemphani kalekale."

A Davison sanachoke. Anadikira mpaka mbale zonse zitatha, kenako anakatenga njinga. A Evelyn anapukuta m'manja, kukatsanzika kwa mayi a mkwati, n'kukwera kumbuyo. Msewu unali wa mabampu, wodutsa m'minda ya zitsa za fodya, koma sanawagwire amuna awo m'chiuno. Anagwira kaliyala ndi manja onse awiri mpaka kukafika kunyumba.