Ana Amene Anafera M'buku

Zaka zinayi ndinakhala ndikuyang'ana magazi a ana pamakina oonera tizilombo, maso mpaka psuu, chifukwa cha kalata imodzi. Dokotala Pemberton, mzungu wofufuza za malungo m'midzi yozungulira Lilongwe, anandilonjeza kuti kafukufuku akatha adzandilembera kalata yokaphunzirira udokotala ku Kampala. Sutikesi ndinali nditagula kale kusitolo ya a Dhirajlal tsidya la mlatho, ndipo mkazi wanga Consolata ankandiseka kuti ndagula mbereko mwana asanabadwe.

Chaka chachinayicho chibayo chinandigoneka mwezi wathunthu. Dokotala anapita kumidzi ndi kalaliki amene boma la Chitaganya linatumiza kuchokera ku Salisbury. Kalalikiyo ankaima pabwalo, n'kumaitana mayina a ana a m'buku la kafukufuku. Ana makumi atatu sanavomere. Akafunsa makolo, iwo ankangoti, "Ameneyo kulibe." Basi, n'kuwalemba kuti anamwalira.

Nditachira ndinapeza Dokotala akusangalala ndi maliro.

"Lexon, malungo akupha ana ambiri kuposa mmene a ku London akudziwira! Ndikatumiza izi, kalata yako ndisaina."

Ndinayang'ana mayinawo. Onse anali ana osinkhuka. Anali atavinidwa, ndipo wovinidwa amatuluka ndi dzina latsopano. Kumuitana ndi lakale n'chipongwe, ngakhale mayi ake salitchula. Anawo anali pomwepo pabwaloja, akumuyang'ana mzunguyo.

Ndikanangotseka pakamwa, ulendo unali wanga. Koma ndinkawadziwa anawo, ena zala zawo ndinazibaya ndekha. Patapita masiku awiri ndinamuuza Dokotala.

Tinapalasa njinga sabata yathunthu, ine ndikufunsa mwaulemu kuti mwana wa uje masiku ano ndi yani. Tinawapeza amoyo onse kupatula awiri. Dokotala anang'amba zimene analemba, nayambanso.

Lolemba anandiitana mu ofesi. Pepala loyera linali patebulo, cholembera pambali pake.

"Wandichotsa manyazi aakulu, Lexon," anatero.

"Zikomo, bwana. Nanga kalata ija?"

"Boma landiwonjezera zaka zisanu kuti ndiyambirenso bwinobwino. Ndikakutumiza ku Kampala, adzandiuza zinthu zoterezi ndani?"

Ndinapsa mtima, koma pakamwa panangotuluka "Inde, bwana." Anaika pepala lija m'kabati, n'kundifunsa ngati njinga yanga ili ndi mpweya, poti mawa tiyambira ku Nathenje.