Theche la Apongozi

Zakeyu anali mkamwini waulemu wochita kunyanya. Zaka zisanu ndi ziwiri chikwatirire Esitere pamudzi wina kufupi ndi Ludzi, anali asanawayang'anepo kumaso apongozi ake aakazi, mayi Keziya. Akawaona akubwera m'njira, ankapatukira m'chimanga, njinga yake ya kabaza ili paphewa, mpaka adutse. Akakhala ndi mawu ankauza Esitere kuti awauze, ngakhale onse atatu atakhala pakhonde limodzi. Akamwini a masiku ano amachita kujambulitsa ndi apongozi pafoni, masaya atagundana, koma Zakeyu ankati zimenezo n'zopanda khalidwe.

Komatu munthu yemweyo mukanamupeza kuseri kwa sitolo ya a Hamidu pa Kamwendo, simukanamuzindikira. Kumeneko kunali chinyumba chosungiramo fodya kale, chimene a Hamidu anachisandutsa bwalo la karate, pansi atayala matiresi akutha, kudenga kukulendewera matumba a mchenga. Zakeyu anali katswiri wotchinga mateche. Ankauza anzake kuti phazi limanama, muziyang'ana m'maso ndi m'chiuno, theche limayambira kumeneko. Likabwera lolunjika pamimba ankalikankhira kumbali ndi mkono, likabwera lozungulira ankalowa mkati, n'kupanira mwendowo kukhwapa, n'kupinga ndale wotsalawo. Munthu ankangozindikira akuwerenga malata.

Chaka chimenecho a Hamidu anali kusamukira ku Lilongwe ndipo bwalo ankafuna kulisiyira Zakeyu. Vuto linali lamba. Wopanda lamba wakuda saloledwa kuphunzitsa, ndipo woyesa mayeso, a Daka a ku Chipata, ankawoloka malire kamodzi pa zaka ziwiri. Zakeyu akanalephera, bwalo likanapita kwa Dickson, wosintha ndalama wa pabodala, pamalire pomwepo, amene lamba wakuda anali naye kale, ngakhale ankabwera kudzaphunzira akafuna. Zakeyu bwalolo ankalikonda mosabisa. Ankalisesa yekha, matumba ankasoka yekha, ndipo kuganiza zoti makiyi apite kwa Dickson kunkamuwawa mpaka m'mafupa.

Nanga mayi Keziya akulowa bwanji m'nkhaniyi? Iwo ankaoda zitenje ku Chipata. Tsiku lina kamnyamata kena kanawatsomphola chikwama atangowoloka, ndipo anakwiya sabata yathunthu osadya bwino. Lachinayi lotsatira analembetsa kalasi ya amayi kwa a Hamidu. Zakeyu atamva, anangosiya kubwera Lachinayi, nkhani n'kutha. Koma mbiri inkamufika. Ankamva kuti mwendo umene wakhala ukukwera mapiri a Mchinji ndi mtolo pamutu si woseweretsa, ndipo thumba limodzi la mchenga limene anasoka Lachisanu lina analing'amba ndi iwowo.

Tsiku la mayeso linali Loweruka, dzuwa lili pamutu. Anthu anadzaza chinyumbacho, akabaza anzake, amayi a kalasi ya Lachinayi, ena akusuzumira pamawindo. Esitere anakhala pabenchi lakutsogolo. Zakeyu anachita zonse bwinobwino, nkhonya zake, kaimidwe kake, mpaka a Daka ankangogwedeza mutu n'kumalemba.

"Manje kwasala kutchinga," anatero a Daka m'Chinyanja chawo. "Nifuna munthu wa theche lamphamvu maningi. Nindani?"

Dickson, mfiti ya munthu, anakweza dzanja ngati mwana wabwino wa sukulu.

"Bwana, kuno theche lenileni lili ndi amayi awo ali apowo. Tonsefe timawaopa."

Wina pawindo anaphulika kuseka. A Hamidu anathamangira kukanong'oneza a Daka, koma a Daka anakupiza dzanja. Anati pa matiresi palibe apongozi, palibe amalume, pali womenya ndi wotchinga basi. Zakeyu anaponya diso kwa Esitere kuti mwina angamupulumutse. Ndi pomwe anaona cham'mbali chitenje chikupindidwa bwinobwino n'kuikidwa pabenchi. Mayi Keziya anali ataima kale m'buluku loyera la karate, akuwongola miyendo.

Lamulo linali losavuta. Mateche atatu. Awiri atchinge, lachitatu agwire mwendo n'kugwetsa. Anaweramirana. Zakeyu anawerama mpaka mutu unatsala pang'ono kugunda maondo, ndipo atadzuka maso anatsalira komweko, pa matiresi.

Theche loyamba silinachedwe. Linalowa pamimba kuti phi! Zakeyu anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, mpweya utamuthawa, koma anakumbukira kuomba m'manja pang'ono posonyeza kuti walandira. Anthu anagwa nako kuseka.

"Iwe, uyangana chani pansi?" anakalipa a Daka. "Wataya ndalama?"

Mayi Keziya sanamuyang'ane mkamwini wawo. Anatembenukira kubenchi.

"Esitere, tawauza bambo a Mayamiko kuti akweze mkono. Ndikubwera chakumanzere."

"Akuti mukweze mkono," anatero Esitere, atagwira pakamwa.

"Uwauze kuti ndamva, zikomo kwambiri," anayankha Zakeyu, mawu akutuluka movutikira.

Mkono anaukwezadi. Koma theche lozungulira litanyamuka, anazindikira kuti mkono ukatchinga ndiye kuti wakhudza mwendo wa apongozi, ndipo unatsika wokha ngati wa munthu wogwidwa akuba. Phazi linamupeza pakhutu. Khutulo linayamba kulira ngati foni, ndipo Dickson anachita kukhala pansi ndi kuseka, akupukuta misozi ndi lamba wake wakudayo.

A Daka anatseka kope lawo. Anati kwatsala kamodzi, ndipo akapanda kuona munthu akugwa, iwo akwera basi, adzaonana pakatha zaka ziwiri. Zakeyu anamva chisoni chenicheni. Anayang'ana matumba amene anasoka, anayang'ana tsache lake pakona, n'kuona kuti zonse zikupita chifukwa cha mwendo umodzi umene sakanatha kuugwira. Koma angachite bwanji? Mawa m'mudzi monse adzati mkamwini wa kwa a Keziya anagwira apongozi pantchafu anthu akuona, n'kuwagwetsa chagada. Ankhoswe adzamuyang'ana bwanji?

Mayi Keziya anamanga lamba wawo mwamphamvu. Ulendo uno sanachepetse mawu.

"Esitere! Uwauze amuna akowo kuti ine sindinasiye malonda anga Loweruka kuti ndidzamenye thumba la chimanga. Uwauze kuti ulemu ndauona, zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuuona, wandikwana. Lero ndikufuna ndione ngati mwana wanga anakwatiwa ndi mwamuna woti wakuba akabwera atchinga, kapena aomba m'manja."

"Akuti..." anayamba Esitere.

"Ndamva," anatero Zakeyu.

Anadzutsa mutu. Kwa nthawi yoyamba anawaona bwinobwino apongozi ake, ndipo anadabwa kupeza kuti ali ndi kachipsera pachibwano komanso maso ofanana ndendende ndi a Esitere akakwiya. Chiuno chinapotoka. Thupi lake linadziwa lokha chochita, analowa mkati, ndipo mwendo unapezeka uli kukhwapa kwake, atawupana kuti gwa.

Apa ndi pomwe anauma. Anatsinzina, ataugwirabe mwendowo, osapinga ndale, osausiya. Mayi Keziya anayamba kudumphadumpha ndi mwendo umodzi, uku akumugwira phewa kuti asagwe. Anazungulira naye kamodzi. Anazungulira kawiri. Akabaza anayamba kuwomba m'manja motsatira kudumphako ngati ndi gule.

"Esitere, afunse ngati akufuna kupita nawo kwawo mwendowu!"

Esitere sanathe kufunsa, anali atagona pabenchi ndi kuseka. Ataona kuti palibe chikuchitika, mayi Keziya anadziponya okha pansi, n'kukuwa kuti, "Mayo ine, andigwetsa!" Koma anagwa mochedwa, mosamala, atayamba ayang'ana pogwera, moti ngakhale mwana akanaona.

"Amai, osanipusisa," anatero a Daka, nawonso akulimbana ndi kuseka. "Mwagwa mweka. Bwezani. Komaliza."

Zimenezi n'zimene zinamuswa mtima Zakeyu. Mayi wamkulu, wolemekezeka kutchalitchi, wogulitsa zitenje wodziwika mpaka ku Chipata, wadzigubuduza pafumbi pamaso pa akabaza kuti iye apeze lamba. Tsopano akapanda kuwagwetsa moyenera, ndiye kuti anadzigwetsera pachabe. Anaona kuti manyazi aakulu ali kumeneko.

Anaimanso. Theche linabwera lamphamvu kuposa onse, lopanda chisoni. Zakeyu analowa, anapana, phazi lake linasesa mwendo wotsalawo, ndipo mayi Keziya ananyamuka onse m'malere n'kutera chagada kuti khu! Fumbi la fodya wakalekale linatuluka m'matiresi. Palibe anaseka. Zakeyu anali atagwada kale pambali pawo, manja ali pamutu, akuyang'ana kukhoma.

Mayi Keziya anakhala kaye chigonere, akuphethira. Kenako anakweza chala chachikulu m'mwamba, ndipo amayi a Lachinayi anayamba nthungululu zomveka mpaka pamsewu wa tala. A Daka anamumanga Zakeyu lamba wakuda, a Hamidu anamuika makiyi m'manja. Dickson anati wakumbukira kuti pali kasitomala akumudikira pabodala.

Anthu atabalalika, zinaoneka kuti chiuno cha mayi Keziya sichingayende mpaka ku Ludzi. Akabaza ena onse, mwadala, anali atasowa. Esitere naye anati ali ndi zogula kumsika, adzabwera pambuyo, n'kuchoka akumwetulira. Panatsala njinga imodzi yokha. Zakeyu anaiimika, n'kuyang'ana kumbali, ndipo anamva kampando kakumbuyo kakulemera.

Anapalasa mwakachetechete, akuzemba kabowo kalikonse ngati wanyamula mazira. Anadutsa minda ya fodya, anadutsa chigayo. Panalibe Esitere woti atumidwe mawu. Atayandikira mlatho, mayi Keziya anagogoda chitsulo cha njinga ndi chala.

"Njinga iwe," anatero, "uwauze eni akowa kuti chiuno chikuwawa zedi, ndipo ndakondwa. Uwauzenso kuti Lachinayi asathawe. Kalasi ndi yawo tsopano, ndipo ine ndale ija ndikuifuna."

Maso a Zakeyu anadzaza misozi moti msewu sankauona bwino. Analiza belu kawiri.