Amisiri Aphunzira Kuluka Tsitsi

Kwa zaka makumi anayi amisiri ankawotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mawilibala othyoka. Zala zawo zinali zonenepa, zodzaza zipsera, moti ngakhale batani la malaya linkawavuta kumanga. Akazi awo atayamba matenda oiwala, ntchito inaima, iwo n'kukhala pakhomo.

Poyamba mayiwo ankaiwala pomwe aika makiyi. Kenako anaiwala mayina a adzukulu. Pofika chaka chachitatu ankayang'ana amuna awo ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Ku saluni komwe ankalukitsa mwezi ndi mwezi, tsopano ankangofika pachitseko n'kuyamba kulira. Tsitsi linamangana mfundo, ndipo ankadzikanda kumutu mpaka magazi.

Mwana wawo wamkazi, yemwe ankawayendera Loweruka lokha, anabwera ndi sizasi.

"Bambo, tingowameta. Adziwa chiyani?"

"Amayi ako sanametepo chikwatirane."

"Ndiye aziwaluka ndani? Inuyo?"

Anafunsa moseka, koma amisiri sanaseke.

Lolemba m'mawa anasiya wodwalayo m'manja mwa aneba, n'kukalowa mu saluni muja. Munkanunkha mankhwala a tsitsi. Azimayi onse anatembenuka kuwayang'ana.

"Agogo, kometa amuna ndi kutsidya kwa msewu," anatero mwini saluni.

"Sindinabwere kudzameta. Ndiphunzitseni kuluka."

"Ndi zala zimenezo?" anatero mayi wina amene ankaumitsa tsitsi. "Mutisosola ngati nkhuku."

Amisiri atafotokoza za akazi awo, kuseka kunatha. Mwini saluni anawapatsa mutu wa chidole ndi kampando pakona.

Masabata asanu anakhala pakona paja. Tsitsi linkawapulumuka, mizere inkakhota ngati njira ya chidakwa. "Musakoke ngati waya, agogo, ndi mutu wa munthu uwu," ankatero mwini saluni. Anzawo akale a zitsulo nawo anamva, ndipo akawaona akudutsa ankakuwa kuti mawa adzawapake zikhadabo. Iwo ankangokweza dzanja n'kupitirira.

Tsiku lina masana anakhazika akazi awo pakhonde, iwo n'kukhala kumbuyo ndi chipeso ndi mafuta. Anamasula mfundo imodziimodzi. Mayiwo sanalire. Mutu unawerama wokha, monga unazolowera kale, ndipo mayiwo anayamba kucheza poganiza kuti ali ku saluni.

"Achemwali, dzanja lanu lalemera lero."

"Pepani," anatero amisiri motsitsa mawu.

"Fulumirani, bambo akunyumba asakapeze kuti kulibe munthu. Si oipa ayi. Koma zaka zonsezi, ndikalukitsa sanandiyang'anepo. Amangofunsa ngati madzi osamba atentha. Tsiku lina ndinakalirira kubafa, iwo osadziwa."

Zala za amisiri zinaima. Anafuna kunena kuti ndine, ndili pano, koma ankadziwa kuti mayiwo akatembenuka n'kuona mwamuna wachilendo adzachita mantha.

"Mwina amaona," anatero, "koma pakamwa pamawalemera."

"Aa, achemwali. Simuwadziwa inu."

Anamaliza mizere isanu ndi umodzi, yokhotakhota. Atawapatsa kalilole, mayiwo anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti mayi wotopayu ndi ndani.

Zinapitirira choncho miyezi isanu ndi iwiri. Masabata awiri aliwonse amisiri ankamasula n'kulukanso, ndipo nthawi zonse ankamva nkhani yomweyo ya madzi osamba, mawu ake osasintha. Mizere inayamba kuwongoka. Kumapeto ankati akamaliza, ankanena kuti, "Mwaoneka bwino, mayi," koma mawuwo ankalandiridwa ngati a munthu wa ku saluni.

Chifuwa chitawagwira, mayiwo anagonekedwa m'chipatala, ndipo amisiri anawalukira pabedi pomwepo, odwala ena akuyang'ana. Mayiwo anamwalira patapita masiku anayi.

Amisiri atapita kukatenga zovala zotsala, namwino anawaimitsa pakhomo la wodi.

"Bambo, pabedi lakumapeto pali mayi amene alibe womuyendera. Tsitsi lake lafika poipa. Simungatithandize?"

Anati aganiza kaye. Anakhala masiku awiri m'nyumba ya zii, osadziwa chochita ndi manja awo. Lachinayi anavala jekete, anaika chipeso m'thumba, n'kukwera basi. Atalowa mu wodi anapeza bedi lakumapeto lilibe munthu, wantchito akuyalapo nsalu zina.