Ngamila M'munda wa a Nafisa

Kuyambira ku Balaka mpaka ku Nayuchi, munthu amene anakwerapo ngamila ndine ndekha, Swaibu Chande, mwini golosale ya pa Nsanama. Wotsutsa akafunse a Nafisa.

Munali mu 1978. Mzungu wina wa esiteti ya fodya anaitanitsa ngamila ziwiri kuchokera ku Kenya. Tayala la lole imene inkazinyamula litaphulika pafupi ndi kwathu, imodzi inadula chingwe n'kukalowa m'munda wa nandolo wa a Nafisa, mayi wamasiye.

Nditafika ndinapeza anthu atayala mikeka, akungoonerera.

"Bwanji simukuithamangitsa?" ndinafunsa.

"Iyayi, a Chande," anatero a Bakari, oitanira anthu kumzikiti. "Nyama imene ankakwera Mtumiki tiimenye ndi chibonga? Yabwera ndi madalitso."

"Madalitsowo akadye kwanu!" anakuwa a Nafisa. "Mizere isanu yatha kale. Ana anga adya chiyani?"

Mayi amenewa ndi amene anandipatsa nkhuku ziwiri tsiku limene ndinkachoka pamudzi ndilibe ndi nsapato zomwe, kuti ndigulitse ndipeze ya basi. Ndinayenda ine! Mbeya, Tanga, Mombasa, mpaka ku Garissa, dera la ngamila ku Kenya, ndikuyendetsa malole. Koma nkhuku zija sindinabweze.

Ku Garissako ndinaphunzira kuti ngamila simva ndodo, imamva mchere. Ndinathamangira kugolosale, n'kutapa mchere wodzaza chipewa. Itangonunkhiza, inasiya nandolo n'kunditsatira mpaka kumsewu. Ndinakokera chingwe pansi, iyo n'kugwada.

"Mashaallah!" anatero a Bakari.

Ndinakwera. Chimene ndinaiwala n'chakuti ngamila imayamba kudzuka ndi miyendo yakumbuyo. Ndinangopezeka ndili pakhosi pake, kenaka m'fumbi.

"Ku Garissa amatsika choncho?" anafunsa a Nafisa, akupukuta misozi ya kuseka.

Kachiwiri ndinagwiritsa, ndipo ndinadutsa msika wonse ndili m'mwamba. Ngakhale anyamata a Yufi anaiwala kufunsa makhadi a chipani tsikulo.

Mzungu uja anafuna kundithokoza ndi ndalama, ine ndinati andipatse mbuzi. M'mawa mwake ndinakazimangirira pakhomo pa a Nafisa.

"Ndi za nandolo wanga?"

"Iyayi, mayi. Nandolo alipira yekha mzunguyo. Izi ndi nkhuku zanu zija."

"Nkhuku za nyanga?"

"Zaka khumi ndi zitatu zimakuza chiweto. Munandipatsa ziwiri, landirani mbuzi zitatu, ina ndi ya bere."