Kagalu ka mu Mgolo

Ku Ching'ambo mvula sichedwa kulowa m'nyumba za anthu. Ikangogwa pang'ono madzi amachita kutumphuka pansi pomwe. Masana amenewo inagwa yamkokomo, ndipo pamene Shifa ankasuzumira pakhomo, ngalande ya kuseri inali itasefukira kale. Mkati mwa phokoso la malata anamva kagalu kakulira.

Kagaluko kanali ka a Stanford, aneba awo. Anakagula m'mbali mwa msewu, ndipo anali ndi nzeru zawozawo za kaleredwe: galu wolondera asaone munthu, asaone dzuwa, adye madeya othira tsabola, akatero ndiye amalusa. Choncho kankakhala mu mgolo wachitsulo wogoneka kumunsi kwa bwalo, kukamwa kwake atatsekako ndi lata, n'kutsamiritsapo chimwala. Shifa ankadana nazo nzeru zimenezo ndi mtima wake wonse. Eni ake nzeruwo anali kuntchito m'tauni, ouma bwinobwino.

Fiskani, mnzake wa m'kalasi, anatulukira akuthamanga, atanyowa ngati nkhuku.

"Shifa, madzi alowa mu mgolo! Kakumira, nadi!"

Geti la a Stanford linali lokhoma. Mpanda unali wa zigwagwa, matabwa otsala ku macheka aja, ndipo pansi pake panali kampata pamene thabwa lina linawola. Fiskani analowetsa mutu, mapewa n'kukanirira. Shifa, amene anali wochepa thupi, anagwada kuti ayese, koma mnzakeyo anamukoka mkono.

"Iwe yayi! Ndiwe Msilamu, galu sungamugwire. Adada ako angandiphe ine. Dikira ndikaitane akuluakulu."

Shifa anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Wopita kumadrasa ndi iyeyo, koma lero woti amuphunzitse chipembedzo chake akhale Fiskani, kagalu kakumwa madzi!

"Akuluakulu ake ati? Omwe aja amati kakalira amangokweza wailesi? Ndisiye!"

Anakwawa chafufumimba m'matope, msomali n'kumung'ambira diresi kumsana. Chimwala chija chinali cholemera. Anachikankha ndi manja chinakana, ndiye anakhala pansi m'madzimo n'kuchiponda ndi miyendo yonse iwiri mpaka chinagubuduka. Atachotsa lata, fungo linamuwomba kumaso. Kagalu kanali katakweza mphuno pamwamba, madzi ali m'khosi. Kanayesa kuuwa monga anakaphunzitsira, koma mawu sanatuluke. Shifa atakanyamula anamva nthiti zokhazokha, ndipo iko kanatsinzina chifukwa cha kuwala, kenaka n'kuyamba kumunyambita manja, khosi, nkhope yonse. Anakapatsira kwa Fiskani pa kampata paja, misozi ya ukali ikusakanikirana ndi mvula.

A Stanford anabwera mvula itakata. Anawapeza anawo pakhonde la kwa a Shifa, kagalu katakulungidwa m'chiguduli, kakugwedeza kamchira. Munthu wina akanayamba wafunsa ngati kali bwino. Iwo ayi.

"Mwandiwonongera galu! Taonani, akugwedezera mchira aliyense. Ameneyu angalondere chiyani? Wakuba akabwera azidzamunyambita mapazi!"

"Akanafa, ankolo," anatero Shifa. "Madzi anali m'khosi."

"Galu amalimba ndi mavuto, iwe ukudziwa chiyani? Ntchito yonse ndagwira ija yapita m'madzi. Mutengeni, ndilibe nayenso ntchito. Mawa ndikagula wina, ndipo mgolowo ndiumanga ndi waya."

"Ndinu oipa mtima! Mulowemo inuyo mu mgolomo, muone ngati mulimbe!"

"Shifa!" Anali mayi ake, a Maryamu, ataima pakhomo. "Akulu sayankhidwa choncho. Pepani, bambo."

A Stanford anachoka akung'ung'udza za ana a masiku ano. Fiskani anakanyamula kagalu kaja msangamsanga, kuopa kuti angasinthe maganizo. "Kazikhala kwathu," ananong'oneza. "Uzibwera kudzakaona. Yewo chomene, Shifa. Ndinalakwa kukukoka."

Mayi ake anamutengera kuseri kwa nyumba, ndowa m'manja. Shifa ankadziwa chimene chikubwera: pamene pakhudza malovu a galu pamatsukidwa kasanu n'kawiri, kamodzi ndi dothi, munthu asanaswali, ndiko kuti asanapemphere. A Maryamu anatapa dothi n'kuyamba kumukhula manja, kenaka khosi, mwamphamvu. Milomo anali ataimanga. Shifa ankangoti akwiyira iyeyo, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa dothilo. Munthu upulumutse chamoyo, malipiro ake akhale kupepesa kwa wochizunza!

Kuseri kwa mpanda kunayamba kumveka hamala. Kho! Kho! A Stanford anali akuboola mgolo wawo kuti apisemo waya. Dzanja la a Maryamu linaima pa tsaya la mwana wawo.

"Amayi," anatero Shifa, "akabweretsa wina, mvula ikagwa, ndikalowanso. Kaya mundimenya, kaya mukawauza ababa, ine ndikalowanso."

A Maryamu anayang'ana kumpanda kuja nthawi yaitali, ndipo Shifa anaona tsopano kumene mkwiyo wawo unaloza. Anatapa madzi ena n'kumutsira kumaso.

"Ukamalowa uzivala diresi lakale," anatero. "Dothi lokha m'Ching'ambo muno silingatithere."